Digiri sayiyeza ndi chaka choyamba

Anditopetsa mawu akuti "sukulu n'kutaya nthawi, taonani a madigiri ali pa kabaza." Amamveka m'minibasi, pamaliro, ngakhale pakamwa pa makolo amene mwana wawo wakhoza bwino MSCE. Ine ntchito yanga ndi yolemba anthu ntchito ndi kusunga mafayilo awo, ndiye ndimaona zimene olankhulawo saona: kumene wantchito amafika pakatha zaka 10 kapena 20.

Sindikukana kuti ntchito zikusowa. Mwana wotuluka ku MUBAS kapena ku LUANAR atha kukhala pakhomo nthawi yaitali akuponya makalata osayankhidwa, mnzake amene analekeza Fomu 4 akugwira ndalama pa geni ya kaunjika. Koma tsiku limene walowa ntchito, khomo lolowera limasiyana. M'boma wa digiri amayambira pa giredi I, pamene ena amakalamba akukwawa kuti akafikepo. Mpando wa bwana ukatseguka, makalata timayamba tawasefa ndi mapepala tisanayitane munthu ku intavyu, ndipo wakhama amene wagwira ntchitoyo zaka zambiri amagwera pomwepo. Penshoni nayo imatsata malipiro amene munthu amalandira. Kampani ikatsekedwa, wa digiri amanyamula pepala lake n'kukagogoda kwina, ngakhale kunja kwa dziko.

Komatu zonsezi ndikunena za pepala lenileni, ndipo apa mpamene mtima wanga umawawa.

Mtsikana wina anakhoza intavyu yathu mopanda chikayiko. Anayankha modekha, mafunso onse anawadziwa. Titafika potsimikiza mapepala, tinapeza kuti koleji imene anaphunzirako sinali yovomerezeka. Nditamuitana kuti ndimuuze, anatulutsa m'chikwama envulopu ya khaki yodzaza ndi malisiti a fizi, atawasanja mwandondomeko, ena atayamba kufufutika inki. "Bwana, bambo anagulitsa ng'ombe," anatero. Sanalire. Anangofunsa ngati pali ofesi imene angapiteko kuti akamudindire chidindo. Panalibe. Mlandu sunali wake: anaona chikwangwani chachikulu, anaona anzake atavala magauni pa Facebook, anakhulupirira. Mpaka lero ndikaona koleji yatsegulidwa pamwamba pa shopu, zipinda ziwiri, yolonjeza digiri ya msangamsanga, nkhope yake imandibwerera.

Chonde makolo, musanalipire ngakhale 1 kwacha, fufuzani ku NCHE, bungwe limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2011 kuti liziyang'anira sukulu za ukachenjede. Limatulutsa mndandanda wa makoleji ndi maphunziro ovomerezeka. Ndipo funsani zinthu ziwiri, osati chimodzi: kodi kolejiyo ndi yolembetsedwa, nanga kosi imene mwana akufunayo ndi yovomerezeka? Koleji itha kukhala m'kaundula koma kosi ina mkatimo ayi. Akakuyankhani kuti "mapepala ali m'njira, tikudikira," tembenukani muzipita. Za unamwino funsaninso ku Nurses and Midwives Council of Malawi, chifukwa popanda chiphaso chawo mwanayo sadzaloledwa kugwira wodwala. Za ntchito zamanja funsani ku TEVETA. Amene amakulonjezani satifiketi osalowa m'kalasi, kapena malo ku yunivesite ya boma mukawapatsa kangachepe, ndi akuba basi, ndipo pepala labodza likadzagwidwa wochotsedwa ntchito ndi kukaonekera kukhoti ndi mwana wanuyo.

China ndi kuzengereza. "Ayambe wagwira kaye ntchito, sukulu adzapita" ndi mawu amene atsekereza anthu ambiri amene ndawaona. Pakabwera banja, lendi ndi fizi ya ana ake omwe, kubwerera m'kalasi kumalemera kwambiri. Ngati vuto ndi ndalama, pali bungwe la ngongole za ophunzira, la Higher Education Students' Loans and Grants Board, ndipo mafomu ake ali ndi tsiku lotsekera, ochedwa salandiridwa. Inu amene muli kale pantchito ndi dipuloma, njira ya mature entry, yolowera ku yunivesite anthu akuluakulu, ilipo, ndipo Mzuzu University ili ndi maphunziro ochita muli kwanu, n'kumangopita kusukulu nthawi zoikika. Lembani chaka chino, ana asanafike ku sekondale n'kuyamba kudya fizi imene mukanalipira yanu.