Ngongole mulibe, nanga akaunti akukanizirani chifukwa chiyani?

Mayina a ophunzira osankhidwa kupita ku mayunivesite a boma akangotuluka, nthambi za mabanki pa Dedza boma ndi pa Ntcheu zimadzadza ndi achinyamata atanyamula maenvulopu. Ambiri amatsegula akaunti popanda vuto. Ena amabwezedwa, ndipo makolo awo amadzandifunsa funso lofanana: "Mwanayu sanadyepo ndalama ya munthu, ngongole ya pafoni amabweza nthawi yake isanakwane, nanga amukaniranji?" Ndakhala zaka zambiri pa desiki yotsegulira maakaunti, ndipo zimandipweteka kuona mwana akubwerera ku Mayani kapena ku Tsangano akuganiza kuti banki yamuona ngati wakuba.

Mbiri ya ngongole imayankha funso limodzi lokha: munthuyu akabwereka, amabweza? Mbiriyi imasungidwa ndi makampani monga Credit Data ndi TransUnion, omwe amagwira ntchito pansi pa lamulo la Credit Reference Bureau Act la 2010, ndipo amayang'aniridwa ndi Reserve Bank of Malawi. Amalandira malipoti kuchokera ku mabanki ndi mabungwe obwereketsa ndalama ovomerezeka ndi boma. Kukhulupirika kwanu ku banki mkhonde, kapena kugolosale komwe mumatenga sopo pangongole, sikufikako. Nchifukwa chake ophunzira ambiri amene amati mbiri yawo ndi yabwino, kwenikweni tsamba lawo ndi lopanda kanthu. Ili si vuto, chifukwa potsegula akaunti simukubwereka ndalama. Ndinu amene mukudzasungitsa.

Funso lomwe kalaliki wa banki ali nalo ndi lina: kodi amene wakhala patsogolo pangayu ndi yemweyo amene walembedwa pa mapepalawa? Lamulo la Financial Crimes Act la 2017 limakakamiza banki iliyonse kudziwa bwino kasitomala wake isanamutsegulire akaunti, pofuna kutseka njira za anthu obisa ndalama zopeza mwachinyengo. Bungwe la Financial Intelligence Authority ndi Reserve Bank amaonetsetsa kuti izi zikutsatidwa, ndipo banki yolekerera imalangidwa. Ndiye kalaliki uja, ngakhale akhale mnansi wanu kapena woimba naye kwaya, alibe mphamvu yodumpha pepala losagwirizana ndi linzake.

Apa ndiye pamene ambiri amagwera: mayina. Kwathu kuno dzina limayenda ndi moyo wa munthu. Mwana wabadwa, bambo ake amwalira kapena banja latha, wakulira kwa amalume, kusukulu alembetsa dzina la amalumewo. Wina ku pulayimale ankagwiritsa ntchito dzina la bambo, pa chiphaso cha unzika analembetsa mfunda wa makolo. Enanso, tisabisane, anasintha dzina pobwereza Sitandade 8 kuti apeze mwayi wina wosankhidwa. Kumudzi aliyense amadziwa kuti ndi munthu mmodzi yemweyo. Koma pa desiki pali satifiketi ya MSCE yochokera ku MANEB ikunena dzina lina, kalata yakuyunivesite yatsatira dzina la pa satifiketi, chiphaso cha unzika cha ku National Registration Bureau (NRB) chikunena lina. Kwa banki, awa ndi anthu awiri. Tsiku lobadwa nalonso limasokoneza. Pa kalembera wamkulu wa ziphaso za unzika wa 2017 ena anangotchula tsiku lomwe analikumbukira pa nthawiyo, losiyana ndi lomwe aphunzitsi analemba m'kaundula wa sukulu. Ngakhale chilembo chimodzi, "l" m'malo mwa "r", chitha kuimitsa fomu.

Izi zimakonzeka, koma si ku banki. Pitani ku ofesi ya NRB yomwe ili pa boma lanu ngati cholakwika chili pa chiphaso. Ngati mayina onse awiri ndi anu ndithu, kalumbireni pamaso pa majisitireti kapena loya wovomerezeka kulumbiritsa anthu kuti mupeze chikalata chotsimikiza kuti ndinu munthu mmodzi, kenaka mufunse banki ngati ichilandire pamodzi ndi kalata yakusukulu. Langizo langa kwa makolo ndi lakuti muziyerekeza mapepalawa mwana akadali Fomu 3, osadikira sabata yonyamuka.

Maboma athu awiriwa alinso ndi nkhani yawoyawo ya malire. Pa Lizulu msewu wa M1 ndiwo malire ndi Mozambique, ndipo mabanja ambiri ali ndi abale mbali zonse ziwiri, ena anabadwira ku Angonia nkudzaphunzira kuno. Banki siweruza za unzika wa munthu. Imangofuna chiphaso chovomerezeka. Ngati ndinu Mmalawi, chiphaso cha NRB ndicho chimathetsa nkhani. Ngati si choncho, pamafunika pasipoti ndi chilolezo cha a Immigration.

Umboni wa komwe mumakhala ndi chopunthwitsa china. Bilu ya ESCOM kapena ya Central Region Water Board nthawi zambiri imakhala m'dzina la eni nyumba, ndipo kumudzi kulibe nkomwe. Mabanki ambiri amalandira kalata ya amfumu yokhala ndi chidindo, ena amafunanso mapu ojambula pamanja osonyeza njira yakwanu. Funsiranitu musanalipire thiransipoti. Zaka nazonso: chiphaso cha unzika chimaperekedwa munthu akakwanitsa zaka 16, koma pa lamulo amakhalabe mwana mpaka 18. Wosankhidwa ali ndi zaka 17 angafunike kubwera ndi kholo kapena womulera.

Komanso akaunti ya ophunzira ndi malonda a banki, ndipo banki iliyonse imaika malire ake: zaka za munthu, mtundu wa sukulu, komanso ngati mukuphunzira tsiku ndi tsiku kapena mukuphunzirira kunyumba. Mphunzitsi wapantchito amene akuwonjezera maphunziro akhoza kukanidwa akaunti yotereyi chabe chifukwa amalandira malipiro.

Sindikunena kuti zakale sizibwera konse. Zimabwera m'njira zomwe munthu saziganizira. Pali akaunti yomwe makolo anakutsegulirani kalekale nkuiiwala, ndalama zolipirira akauntiyo zakhala zikuunjikana. Pali ngongole ya m'bale wanu yomwe munasainira ngati womuimira, iye nkuleka kubweza. Pali chiphaso chomwe munabwereketsa mnzanu kuti akalembetsere nambala ya foni, nambalayo nkugwiritsidwa ntchito pobera anthu. Ndipo a Phiri ndi a Banda ndi ambiri m'dziko muno, ngongole ya wina itha kulembedwa pa dzina lanu. Muli ndi ufulu wopempha lipoti la mbiri yanu ku makampani osunga mbiri aja, ndi kupempha kuti cholakwika chikonzedwe. Musamangokhulupirira kuti ndi yabwino musanaione ndi maso anu.

Anzanga a m'mabanki nawonso ndiwauzepo. Kuuza mwana amene wakwera kabaza ndi minibasi kuchokera ku Kasumbu kuti "makina akana" si yankho. Makina amakana pa chifukwa, ndipo pafupifupi nthawi zonse chifukwacho nchoti mungathe kuchinena m'mawu awiri. Pali nthawi zochepa pamene lamulo limaletsa banki kuulula kuti ikukayikira munthu pa nkhani za ndalama zachinyengo, koma zimenezo sizikhudza mwana yemwe dzina lake langosiyana kalembedwe. Inu okanidwa, pemphani mwaulemu kuonana ndi mkulu wa nthambi, mufunse kuti pepala losowa kapena losagwirizana ndi liti. Ngati simukuthandizidwa, lembani kalata ya dandaulo nkusunga kope yake. Banki ikalephera kukuyankhani, dandaulo limapita kwa Registrar of Financial Institutions ku Reserve Bank.

Chomwe ndikukupemphani kwambiri ndi ichi: musathamangire kugwiritsa ntchito akaunti ya mnzanu kapena ya chibwenzi polandira ndalama zodyera kusukulu, kaya ndi zochokera kwa makolo kapena ku Higher Education Students' Loans and Grants Board, bungwe la boma lobwereketsa ndalama kwa ophunzira. Pa lamulo, ndalama yomwe ili mu akaunti ya munthu wina imaoneka ngati yake, ndipo mukayambana mudzavutika kutsimikiza kuti inali yanu. Kukanidwa akaunti chifukwa cha mapepala si ngongole yosabweza, choncho sikukutsekerani khomo kwina. Ngati vuto ndi malire a akaunti ya ophunzira, funsani akaunti wamba yosungira ndalama, muyerekeze zomwe amadula pamwezi, kapena kayeseni banki ina. Ngati vuto ndi dzina, yambani mwakonza dzinalo, chifukwa banki yachiwiri idzafunsanso mapepala omwewo.