Himalaya, mapiri amene anatuluka pansi pa nyanja

Pansonga penipeni pa phiri la Everest, mamita 8,849 m'mwamba, pali miyala ya laimu yokhala ndi zotsalira za tizamoyo ta m'nyanja. Kalekale dziko lomwe lero ndi India linali palokha, likusendera kumpoto pang'onopang'ono, ndipo pakati pa ilo ndi Asia panali nyanja yotchedwa Tethys. Zaka pafupifupi 50 miliyoni zapitazo, maiko awiriwa anagundana. Nyanja ija inatsekeka, matope a pansi pake n'kukwinyika ngati mphasa yokankhidwa mbali zonse ziwiri, mpaka anatukuka kukhala mapiri a Himalaya, omwe ayala mtunda wa makilomita pafupifupi 2,400.

Umboni wake ungathe kuugwira m'manja. Mumtsinje wa Kali Gandaki ku Nepal anthu amatola miyala yakuda yobulungira, ndipo mkati mwake mumaoneka chigoba chopiringizika cha kanyama ka m'nyanja yakaleyo. Ahindu amailemekeza miyalayi ngati chizindikiro cha mulungu wawo Vishnu. Kukankhana kuja sikunathe mpaka lero, n'chifukwa chake zivomezi sizisowa kumeneko. Cha pa 25 Epulo 2015 chinapha anthu pafupifupi 9,000 ku Nepal.

M'munsi mwa mapiriwa muli nkhalango zotentha za njovu ndi zipembere za nyanga imodzi. Kumtunda, komwe mitengo simeranso, kumakhala kambuku wotuwa wa mchira wonenepa amene amasaka nkhosa zakutchire m'matanthwe. Koma nyama imene yasunga anthu ndi yak, ng'ombe ya ubweya wambiri. Imapereka mkaka, imasenza katundu, ndipo ndowe zake zouma ndizo nkhuni.

Chomwe chimandipweteka n'chakuti mbiri ya mapiriwa kawirikawiri imayambira pa alendo okwera. Anthu a mtundu wa Asherpa anafika kudera la Khumbu, m'munsi mwa Everest ku Nepal, kuchokera ku Tibet zaka pafupifupi 500 zapitazo, ndipo ankawoloka mipata ya ayezi pochita malonda a mchere. Atibeti ankalitcha phiri lalitalilo Chomolungma kalekale, dzina la Everest lisanakhazikitsidwe ndi Angerezi mu 1865. Pa 29 Meyi 1953, Msherpa Tenzing Norgay ndi Edmund Hillary wa ku New Zealand anafika pansonga pake, ndipo ntchito ya Asherpa yoperekeza alendo inakula kuchokera pamenepo.

Ntchitoyi yabweretsa ndalama, koma ndi yoika moyo pachiswe. Mlendo amadutsa pa ayezi woswekasweka wa Khumbu maulendo ochepa chabe, pamene operekeza amapita n'kubwerera kambirimbiri atasenza matenti, chakudya ndi mabotolo a mpweya, kwinaku akumanga zingwe ndi makwerero pa ming'alu. Pa 18 Epulo 2014 chigumukire cha ayezi chinapha operekeza 16 pamalo omwewo. Anzawo anakana kupitiriza, ndipo chaka chimenecho pafupifupi maulendo onse okwera Everest kuchokera ku Nepal anathera pomwepo.