Malinga ozungulira a ku Ireland sanamangidwe ndi ma Viking

Kwa zaka zambirimbiri anthu a ku Ireland ankati zitunda zozungulira zimene zili m'minda mwawo ndi malinga ankhondo a ma Viking, ankhondo apanyanja ochokera ku Scandinavia. Si zoona. Ma Viking anayamba kuukira Ireland mu 795, pamene ambiri mwa malinga oposa 40,000 amenewa, otchedwa ráth, anali atamangidwa kale. Anali makomo a alimi: bwalo la mamita pafupifupi 30 kuchoka mbali ina kufika ina, chitunda cha dothi, ndi ngalande kunja kwake, zotchinjiriza banja ndi ng'ombe kwa akuba ndi mimbulu.

Umboni wagona m'ngalandemo. Ofukula zakale amakumba mopingasa ngalande mpaka kufika pa nthaka yosakhudzidwa, n'kujambula m'mene dothi lasanjikizana. Chofunika kwambiri ndi matope a pansi penipeni, amene anagweramo ngalandeyo itangokumbidwa. Fupa la ng'ombe kapena njere yopserera ya barele yopezeka pamenepo ndiyo imatumizidwa kokayezedwa ndi radiocarbon, njira yodziwira zaka za chinthu chimene chinali chamoyo. Makala a mtengo wa oak amapusitsa, poti mtima wa mtengowo ungakhale ndi zaka mazana awiri usanadulidwe n'komwe. Vuto lina, eni ake ankafukulanso ngalande ikakwiririka, ndiye matope oyambawo ankatayidwa, n'kutsala a pambuyo amene amaonetsa ngati lingalo linamangidwa mochedwa.

Pa limodzi mwa malinga amenewa, ku Deer Park Farms m'chigawo cha Antrim kumpoto kwa Ireland, chinyezi chinasunga nyumba zozungulira zolukidwa ndi timitengo ta hazel, makoma awiriawiri, pakati atapakiramo udzu wotchinga chisanu.