Kuwawa pang'ono sikutanthauza kuti opaleshoni yalephereka

Ndatopa kumva kuno ku Chipata zakuti munthu akachitidwa opaleshoni ya mtsempha wa Achilles, uja wakuseri kwa chidendene, koma pakuwawabe, basi madokotala anasoka molakwika. Ayi abale. Mtsemphawu umapola mochedwa chifukwa magazi safikako ambiri, kuchira bwinobwino kumatenga miyezi 6 mpaka 12, ndiye kuwawa pang'ono, kuuma m'mawa ndi kutupa madzulo mukayendayenda si zachilendo. Zoopsa ndi kumva chaduka mwadzidzidzi, bala kutuluka mafinya, thupi kutentha kapena katumba kutupa nkumawawa kwambiri, apo thamangirani kuchipatala. Mukakayika funsani dokotala kapena wa fizio pa tsiku la riviu. Chonde musamatumize za pa WhatsApp musanafunse, mukuopseza odwala.