Wisiki, vinyo ndi shampeni: zoyenera kudziwa musanathire m'tambula

Anthu ambiri amene amakonda wisiki, vinyo kapena shampeni sadziwerengera m'gulu la omwa mowa. Kwa iwo chidakwa ndi uja wa kachasu wogona m'ngalande. Iwo akuti amangolawa katambula madzulo poonera mpira, kapena paukwati. Koma chimene chimaledzeretsa mu kachasu, mu Chibuku ndi m'botolo lodula la ku Scotland n'chimodzi, dzina lake ethanol, ndipo chikafika kuchiwindi chimawononga mofanana.

Onani nambala ili pabotolo

Botolo lililonse lili ndi peresenti yosonyeza ukali wa mowawo. Mowa wamba wa m'mabotolo umakhala cha pa 5 peresenti, shampeni cha pa 12, vinyo pakati pa 12 ndi 14, pamene wisiki amayambira pa 40.

Ku Britain amawerenga mowa m'mayuniti. Toti imodzi ya wisiki ya mamililita 25 ndi yuniti imodzi. Botolo la vinyo la mamililita 750, la 12 peresenti, lili ndi mayuniti 9. La wisiki lalikulu chimodzimodzi lili ndi 30. Malangizo a madokotala akuluakulu a kumeneko a mu 2016 amati munthu, mwamuna kaya mkazi, asapitirire mayuniti 14 pa sabata, ndipo asamwe onsewo tsiku limodzi. Choncho anthu awiri akagawana botolo la wisiki Loweruka usiku n'kulimaliza, aliyense wadutsa kale muyezo wa sabata yonse.

Vuto lalikulu lili kunyumba. Ku bala amayeza toti ndi kachitsulo kaja, koma pakhomo limayeza ndi dzanja, ndipo dzanja silimana mwini wake. Chimene munthu amati "kamodzi kokha" nthawi zambiri ndi matoti awiri kapena atatu, atabisala pansi pa ayisi ndi Coca-Cola. Vinyo wa m'katoni wa malita 5 wochokera ku South Africa ndiye amapusitsa kwambiri. Ndi wotsekemera ngati juwisi, katoni sioonekera m'kati, kampopi kamangotsegulidwa, ndipo palibe amene amadziwa kuti wamwa wochuluka bwanji kufikira katoniyo itapepuka.

Chiwindi chimatha kuchotsa pafupifupi yuniti imodzi pa ola. Khofi, madzi ozizira kapena kanyenya wa tsabola sizichifulumizitsa. Amene wamwa mpaka pakati pausiku akhoza kudzuka m'mawa mowa ukadali m'magazi, iye n'kuyamba kuyendetsa galimoto.

Za shampeni

Thovu lija limathandiza mowa kulowa m'magazi msanga, makamaka ngati m'mimba mulibe kanthu, monga zimakhalira paukwati pamene chakudya chachedwa. Chenjeraninso ndi chitsekerero. Mpweya wa m'botolo la shampeni umaposa wa m'tayala la galimoto, ndipo chitsekerero chikauluka chingathe kuboola diso. Musagwedeze botolo, lilozetseni kumene kulibe anthu, gwirani chitsekerero ndi kansalu, muzipotokola botololo pang'onopang'ono.

Kodi vinyo wofiira amateteza mtima?

Nkhaniyi inafala kwambiri m'zaka za m'ma 1990, ndipo mpaka lero ena amamwera chifukwa chimenechi. Mu Januwale 2023 bungwe la WHO, loona za umoyo padziko lonse, linanena poyera kuti palibe mlingo wa mowa umene tinganene kuti ndi wosavulaza thupi. Zabwino zimene amati zili mu vinyo wofiira zimapezekanso m'zipatso. Ngati simumwa, musayambe poganiza kuti mukusamala mtima. Mowa wambiri umakweza BP ndipo ungachititse sitiroko.

Kuyambira mu 1988 bungwe la IARC, lofufuza za khansa, linaika mowa m'gulu la zinthu zimene zimayambitsadi khansa. Thupi likamaphwanya mowa limapanga poizoni wotchedwa acetaldehyde amene amawononga maselo. Khansa zake ndi ya m'kamwa, ya pakhosi, ya kummero, ya chiwindi, ya m'matumbo ndi ya m'mawere. Kuno ku Malawi khansa ya kummero ndi yochuluka kale kuposa m'mayiko ambiri, ndipo chiopsezo chimakula kwa amene amaphatikiza mowa ndi fodya.

Amene asamwe n'komwe

Mayi woyembekezera asalawe ngakhale pang'ono, chifukwa mowa umafika kwa mwana n'kuwononga ubongo wake. Asamwenso ana osafika zaka 18, woyendetsa galimoto kapena njinga yamoto, wodwala chiwindi, wa khunyu, ndi amene akumwa Flagyl kapena mankhwala a TB. Wa shuga adziwe kuti mowa ungatsitse shuga kwambiri usiku ali mtulo. Amene ali pa ma ARV amaiwala mankhwala akaledzera. Funsani kuchipatala polandira mankhwala aliwonse.

Ngati mumamwa, yambani mwadya, yezani toti, malizani tambula musanathirenso, ndipo khalani ndi masiku angapo pa sabata osagunda mowa. Wisiki wotchipa modabwitsa, kapena wa chitsekerero chooneka kuti chinatsegulidwapo, musiyeni. Mowa wachinyengo umatha kukhala ndi poizoni wotchedwa methanol, amene amachititsa khungu ngakhale kupha. Munthu akayamba kuona mwachimbuuzi, kusanza ndi kupuma mofulumira patapita maola angapo atamwa, thamangirani naye kuchipatala.

Woledzera amene sakudzuka musamusiye yekha kuti "agone uthe". Mugonekeni cham'mbali kuti masanzi asamutsamwe, ndipo funani galimoto yopita kuchipatala. Amene wakhala akumwa tsiku ndi tsiku, ndipo manja amanjenjemera m'mawa asanamwe, asasiye mwadzidzidzi payekha, chifukwa akhoza kukomoka kapena kusokonekera mutu. Apite kuchipatala chapafupi, anene zoona za mmene amamwera, ndipo azaumoyo amuthandiza kusiya mosaika moyo pachiswe.