Ntchito ya mu data centre: zimene muyenera kudziwa musanasaine

Ndalama zimene mumatumiza pa foni, uthenga wa pa WhatsApp ndi akaunti yanu ya kubanki, zonsezi zimadutsa m'makompyuta otchedwa maseva, osanjikizidwa m'makabati achitsulo otalika kuposa munthu, m'nyumba yopanda mawindo imene timaitcha data centre. Kuno kwathu boma linatsegula yake ku Blantyre mu 2022, ndipo mabanki ndi makampani a foni ali ndi zipinda zawozawo. Zikuluzikulu zenizeni m'chigawo chino zili ku South Africa: Teraco ku Isando pafupi ndi Johannesburg, Microsoft imene inafika ku Johannesburg ndi Cape Town mu 2019, ndi Amazon imene inatsegula ku Cape Town mu 2020. Achinyamata amandifunsa kawirikawiri ngati ntchito ya m'nyumba zimenezi ili yabwino. Ndimawayankha kuti zimatengera zinthu ziwiri: usiku mumakhala anthu angati, ndipo zinthu zikavuta bwana amachita chiyani.

Ambiri ogwira ntchito kumeneko salemba mapulogalamu. Ndi amagetsi, amisiri a makina oziziritsa mpweya, ndi oika maseva, kulumikiza mawaya ndi kusintha disk ikafa. Kampani ikhoza kukhala ku London koma seva yake ili ku Isando. Ikazima amatumiza tikiti, uthenga wonena chimene chikufunika kuchitidwa, iwe n'kunyamuka kukapeza kabati nambala yakuti, seva yachisanu kuchokera pansi, n'kudina batani kapena kusolola waya. Ntchito imeneyi amaitcha remote hands, ndipo apa ndi pamene ambiri amayambira.

Thupi limamva ndithu. Mpweya wolowa kutsogolo kwa maseva umasungidwa pakati pa madigiri 18 ndi 27, koma kuseri kwa makabati, kumene mpweya wotentha umatulukira, kumafika 35 n'kupitirira. Ndiye pa ola limodzi umavala jekete n'kuvula kangapo. Mafani masauzande amalira osapuma, moti m'zipinda zina phokoso limayandikira madesibo 85, pamene munthu amayenera kutseka m'makutu. Seva imodzi imatha kulemera makilogalamu 25 kapena kuposa, ndipo woikweza yekha pamwamba pa kabati msana adzaudandaula akadzakula. Kunja kaya kwacha kaya kwada, sudziwa mpaka utayang'ana wotchi.

Nyumbayi sigona, choncho anthu amagwira mashifiti. M'makampani ambiri akunja ndi maola 12, masiku anayi pantchito, anayi kunyumba, usana ndi usiku mosinthana. Masiku anayi opumawo anthu amawakonda kwambiri. Chimene chimapweteka ndi standby: uli kunyumba koma foni ya kuntchito ili m'thumba, sungapite kumaliro kumudzi, sungamwe, ndipo ikalira 2 koloko usiku ukuyenera kudzuka. Lamulo lathu la ntchito limati maola 48 pa sabata, zopitirira ndi ovataimu, koma ndi mabwana ochepa amene amawerengera usiku wa standby ngati ntchito.

Chimene chimabweretsa mantha onsewa ndi lonjezo limene kampani inapanga kwa makasitomala. Bungwe la Uptime Institute limaika ma data centre m'magulu anayi. Gulu lachitatu, Tier III, limene ambiri amalakalaka, anthu amakonda kulitchula ndi chiwerengero cha 99.982 peresenti, kutanthauza kuti pa chaka chonse kuzima kusapitirire ola limodzi ndi mphindi 35 kapena cha pamenepo. Magetsi akathima, mabatire a UPS, makina ogwirizira magetsi podikira jenereta, amanyamula katundu yense pompopompo, koma kwa mphindi zochepa chabe. Umamva UPS ikulira, n'kuyamba kuwerenga chamumtima. Jenereta ikuyenera kukhala itadzuka pasanathe masekondi 15. Ikatsokomola n'kuzima, m'mimba mumatentha.

Ku Ulaya jenereta imayaka poiyesa kamodzi pa mwezi. Kuno nkhani ndi ina. Namondwe Ana atawononga Kapichira mu Januwale 2022 n'kuchotsa pafupifupi ma megawatt 130, majenereta ankalira maola ambirimbiri tsiku lililonse, ndipo dizilo naye akasowa mmisiri amasanduka wosaka mafuta. Anzathu a ku Johannesburg anaziona zomwezi mu 2023 ndi kuzima kwa magetsi a Eskom, kampani ya magetsi ya kumeneko. Ubwino wake, mmisiri amene wadutsa m'zimenezi amaidziwa jenereta kuposa mnzake wa ku Frankfurt, ndipo luso limeneli limagulika kulikonse.

Tsopano za zolakwa. Malipoti a Uptime Institute akhala akubwereza chaka ndi chaka kuti nthawi zambiri kuzima kumakhala ndi dzanja la munthu, makamaka posatsatira ndondomeko kapena ndondomekoyo ikakhala yolembedwa molakwika. Mu Meyi 2017 magetsi atasokonekera pa data centre ya British Airways pafupi ndi Heathrow, apaulendo pafupifupi 75,000 anasowa ndege. N'chifukwa chake pamalo oyendetsedwa bwino palibe amene amagwira switch ya magetsi kuchokera m'mutu. Pamakhala pepala lolembedwa sitepe ndi sitepe, wina akuwerenga mokweza, wina akuchita, ndipo asanatembenuze amaloza chala n'kutchula nambala ya switchyo. Zimaoneka ngati zachibwana kwa wongofika kumene, koma munthu wotopa wa 4 koloko m'bandakucha amapulumukira pomwepo.

Apa ndi pamene malo abwino ndi oipa amasiyanirana. Pamalo abwino, chinthu chikavuta amakhala pansi n'kufunsa kuti pepala lija linasoweka chiyani, chizindikiro pa waya chinali kuti. Pamalo oipa amafunsa kuti anali pa shifiti ndani. Zikatero anthu amaphunzira kubisa, ndipo batire imene yayamba kutupa palibe amaitchula mpaka itaphulika. Onjezanipo kuti chaka chonse chikadutsa osazima palibe amene amabwera kudzathokoza, chifukwa kwa akuluakulu palibe chimene chachitika.

Komabe amene amakhalitsa amaikonda. Vuto limaoneka ndi maso, ukalikonza nyali yofiira imasanduka yobiriwira, ndipo ukapereka lipoti kwa wolowa shifiti ntchito imatsala pageti. Umaphunzira magetsi, zoziziritsa ndi netiweki pamalo amodzi. Mipando yokwerera ndiyo yochepa, poti ngakhale nyumba yaikulu imayendetsedwa ndi anthu makumi ochepa okha, choncho ambiri amakwera posamukira ku kampani ina kapena polemba mayeso a za netiweki ngati CCNA.

Mukaitanidwa ku intavyu, malipiro adzakuuzani okha. Inu funsani kuti usiku pamakhala anthu angati, chifukwa munthu mmodzi yekha m'chipinda cha mabatire akagwidwa ndi magetsi palibe womuzimitsira. Funsani ngati standby imalipidwa, ngati pali galimoto yokutengani usiku, ndiponso kuti jenereta inayesedwa liti itasenza katundu yense.