Kugwira katundu wa mlendo ndi kwina, kugulitsa ndi kwina

Ndatopa nalo funso ili. Mwini malo ogona alendo amandipeza atagulitsa kale sutikesi ya mlendo, ndalama atadya, ndiye n'kumati, "A loya, kodi pamenepa ndinalakwa?" Bwanji osabwera katunduyo akadali m'manja mwanu?

N'zoona kuti mlendo akapanda kulipira mukhoza kugwira katundu wake ngati chikole kufikira atabweza ngongole. Lamuloli ndi lakalekale, linayambira ku England, kumene mwini hotela sankaloledwa kubweza wapaulendo popanda chifukwa chomveka, choncho anamupatsa pogwira. Koma kunali kugwira basi. Mphamvu yogulitsa inabwera mochedwa, ndi lamulo la 1878, ndipo inabwera ndi zingwe zake: katundu akhale kaye milungu 6 ngongole isanalipidwe, mulengeze m'nyuzipepala kudakali mwezi wathunthu, mugulitse pa okushoni anthu akuona, ndipo ndalama yotsala mukachotsa ngongole ndi zolipira pogulitsa ndi ya mlendoyo. Mu 1956 a ku England omwewo anachotsamo galimoto pa zinthu zogwidwa. Dziko lililonse lili ndi masiku ndi ndondomeko zake, ndipo muyenera kuwerenga lamulo la kwanu musanakhudze loko wa chikwama cha munthu.

Pali nkhani ina imene imandisowetsabe mtendere. Mayi wina wa malo ogona alendo, munthu wabwinobwino, mlendo wake anasowa ali ndi ngongole ya masiku awiri. Patatha masiku anayi mayiyo anagulitsa chikwama kwa wantchito wake yemwe, pa mtengo wongotaya. Mlendo uja sanathawe ayi, anali atagonekedwa m'chipatala. M'chikwamamo munali masatifiketi ake a sukulu, ndipo wogulayo anali atawataya poganiza kuti ndi mapepala achabe. Mayiyo analipira ndalama zoposa ngongole ija kangapo, koma mapepalawo sanapezeke. Chimene chimandipweteka n'chakuti anachita kulangizidwa ndi mkulu wina wodzitcha katswiri wotolera ngongole, amene anamuuza kuti chikwangwani cha pakhoma chonena kuti "katundu wosalipiridwa tidzagulitsa" n'chokwanira. Nkhani itafika kukhoti, katswiriyo foni yake sinkapezekanso.

Anthu oterewa achenjereni. Ena amafika pokuuzani kuti mumutsekere mlendo m'chipinda kapena mumuvule jekete. Chikole chimagwira katundu, sichigwira munthu kapena zovala zimene wavala, ndipo mukatero mlandu watembenukira kwa inu.

Nanga mlendo amene analipira zonse koma waiwala laputopu? Pamenepo palibe ngongole, ndiye palibenso chikole. Inu mwangokhala womusungira. Lembani m'buku chimene mwapeza, tsiku lake ndi chipinda chake, pakhale mboni, mumufunefune pa nambala imene anasiya polembetsa, ndipo uthenga uliwonse umene mwamutumizira muusunge. Akapanda kuyankha, bwerani tikambirane laputopuyo ikadali m'kabati.